Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: "Bwana, ilizeni timve"

Gawo lapitalo linathera pamene tinavundukula chilona chimene chinaphimba galimoto yanga yampikisano kwa zaka 16 m'shedi ya kuseri kwa nyumba kuno ku Lilongwe. Lero za ine zichepa. Gawo lino ndi la masipanala, chifukwa amene mukufuna kudzutsa galimoto yogona chonchi mufunika ndondomeko yake, osati kumva mmene mtima wanga unagundira.

Galimotoyo ndi Formula Ford yopangidwa ndi Van Diemen: mpando umodzi, matayala onse anayi ali pamtetete, injini ya Ford Kent ya 1600cc kuseri kwa msana wa woyendetsa, ndi giyabokosi ya Hewland ya magiya anayi. Mipikisano ya galimoto zotere inayamba ku England mu 1967, ndipo mpaka pano ndi ya anthu wamba othamanga pa ndalama za m'thumba mwawo. Mphamvu yake ndi 110 hp kapena kuposerapo pang'ono, koma pamodzi ndi woyendetsa imangolemera pafupifupi makilogalamu 500. N'chifukwa chake kanthu kakang'ono kakalakwika mumakamva m'thupi.

Aliyense wolowa m'shedimo, kuyambira alonda mpaka amakaniko, mawu ake ndi amodzi: "Bwana, ilizeni timve." Musalize. Pa ntchito yonseyi kuliza injini ndiko kumabwera kumapeto, ndipo amene amayambira pamenepo amawononga m'masekondi 20 zimene zaka 16 zinalephera kuwononga.

Yambani ndi mafupa ake. Chotsani thupi la fibreglass, mpando ndi thanki, mutsale ndi chesisi cha mapaipi achitsulo. Dzimbiri loopsa si lapamwamba limene mukuliona, koma lam'kati mwa mapaipi a pansi, m'mene chinyezi cha nyengo ya mvula chimakhazikika chaka ndi chaka. Gogodani paipi iliyonse ndi kahamala kakang'ono. Yabwino imalira ngati belu, yodyeka imangoti phu. Pansi pa mpando, pamene mkodzo wa makoswe unakhala pakati pa chitsulo ndi chimbale cha aluminiyamu, ndi pamene pamakhala povuta kwambiri, ndipo marivet ambiri mupeza akugwedera.

Mukapeza mng'alu musathamangire kwa anyamata owotcherera mafelemu a zitseko ku Mchesi, ngakhale ntchito yawo ya mageti ndi yosaneneka. Mapaipi awa ndi opyapyala, ndipo galimoto zambiri zopangidwa ku Britain nthawi imeneyo zinalumikizidwa ndi mkuwa pa moto wa gasi. Wowotcherera ndi ndodo za magetsi aboola paipi, kenako adzaza dzenjelo ndi chitsulo chosakanikirana ndi mkuwa, chimene chimaoneka cholimba koma chimathetheka ngati chigumu chouma. Funani munthu wodziwa brazing, kulumikiza ndi mkuwa kuja, kapena kuwotcherera kwa TIG. Ku Kanengo alipo, koma mukhale pomwepo pamene akugwira.

Palinso msampha wa mabawuti. Ambiri pa galimoto iyi ndi a mainchesi, mtundu wa UNF, pomwe ogulitsa ku Malangalanga ndi ku Biwi amasunga a mamilimita. M8 amafanana kwambiri ndi 5/16, moti amalowa maulendo awiri kapena atatu mofewa, kenako n'kulimba. Mnyamata wamphamvu akakakamiza ndiye kuti mazinga a m'dzenjemo apita. Chimodzimodzi sipanala ya 13 pa mutu wa theka la inchi: imagwira mwaulesi n'kuuzungulitsa mpaka usanduke nsawawa. Gulani masipanala a 7/16, 1/2 ndi 9/16, ndipo a mamilimita muwatsekere m'nyumba.

Miyendo yogwira matayala ili ndi timfundo tozungulira totchedwa rod end. Kwezani galimoto pa mipando yake, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, ligwedezeni chala china chili pa kamfundoko. Mukamva kakuti tik-tik, kameneko katha, ndipo girisi sakachiza. Zitsulo za magnesium kapena aluminiyamu zimene zimanyamula bering'i ya tayala zimafunika kuyezedwa ndi utoto wofiira wofufuzira ming'alu: tsukani, popani wofiirawo, dikirani mphindi 15, pukutani, kenako popani woyera. Mng'alu umene maso sakuuona umatuluka ngati kamzere ka magazi.

Tsopano mabuleki, ndipo apa ndikhalitsapo. Galimoto iyi ilibe chothandizira phazi ngati ya pamsewu. Ili ndi mapampu awiri a mabuleki otchedwa master cylinder, wina wa kutsogolo wina wa kumbuyo, olumikizidwa ndi kandodo kogawa mphamvu kuseri kwa chopondera. Mafuta a mabuleki amamwa madzi a mumpweya. Mtundu wa DOT 4 ukakhala watsopano suwira asanafike madigiri 230, koma wakumwa madzi akhoza kuwira pa 155 pokha. Pabwalo mabuleki amatentha ulendo uliwonse, mafuta akawira pamabadwa nthunzi, nthunzi imafinyika, ndipo phazi limangomira mpaka pansi pa kona imene mumafuna buleki kwambiri. Choncho palibe zopulumutsa: masulani ma caliper onse anayi, zopanira buleki za pa tayala lililonse, tulutsani mapisitoni ndi mpweya mutatchinga ndi thabwa kuti asakuphwanyeni zala, ndipo aliyense wokhala ndi tizibowo ta dzimbiri mumtaye. Marabala onse asinthidwe. Mafuta akhale a m'botolo losatsegulidwa, osati otungidwa m'chigubu n'kuthiridwa m'kabotolo ka madzi. DOT 5 ndi wa silicone, sasakanizidwa ndi DOT 4, ngakhale nambala ikuoneka ngati mkulu wake.

Potulutsa mpweya ambiri amalakwitsa apa: amatsegula tayala limodzi lokha monga achitira pa minibasi. Chifukwa cha kandodo kaja, mbali yotsekedwayo imaletsa chopondera kufika pansi, ndipo mpweya umatsalira. Tsegulani limodzi lakutsogolo ndi limodzi lakumbuyo nthawi imodzi. Pafunika anthu atatu, wopopa mmodzi, otsegula awiri.

Matayala akale musawaganizire n'komwe. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa. La zaka 16 mapanga ake amaoneka atsopano, koma chikhadabo sichilowa. Ntchito yake ndi yokankhira galimoto m'shedi basi. Atsopano akafika muziwapopa nokha. Amafuna mpweya wochepa, cha m'ma 16 mpaka 18 psi ali ozizira malinga ndi mtundu wake, pomwe mnyamata wa pa filing'i dzanja lake linazolowera 32.

Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku siidandaula. Yoima ndiyo imavutika, chifukwa ethanol amakoka madzi, amafewetsa mapaipi akale a labala, ndipo petulo akauma amasiya phula lofiirira lonunkha ngati vanishi. Thanki ikakhala yachikwama, ya mtundu wa FT3, moyo wake pa malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto pa dziko lonse, ndi zaka zisanu, ndiye yanga inafa kale katatu. Siponji ya m'kati mwake imafumbutuka ngati buledi n'kutseka fyuluta. Kabureta ndi Weber 32/36: imasuleni yonse, nyikani majeti, tizitsulo ta mabowo toyeza petulo wolowa mu injini, mu thinner, muwauzire ndi mpweya. Waya musalowetse, umakuza bowo. Lembani nambala ya jeti iliyonse ndi malo ake musanaichotse. Ndipo yang'anani m'kamwa mwa kabureta ndi m'paipi ya utsi, poti mavu omanga ndi dothi amakonda m'menemo.

Apa tafika pa injini, komabe sitikuliza. Chotsani mapulagi, thirani kasupuni kamodzi ka oyilo m'silinda iliyonse, musiye masiku awiri. Kenako ikani giya ya 4, mukankhe galimoto pang'onopang'ono ndi manja. Ikazungulira mwamyaa, mwayi ndi wanu. Ikakana musalimbane nayo, mutu wa injini utsike, chifukwa mphete za pisitoni zikamamatira ku khoma zimathyoka. Kent ilibe lamba wa timing, imayendera tcheni, choncho nkhawa imodzi yachepa. Koma masipuling'i a mavalavu amene anaima ali otseguka akhala ofinyika zaka zonsezi, ndipo ine ndasintha onse asanu ndi atatu.

Oyilo wa injini iyi sakhala pansi, amakhala m'thanki yakeyake, ndiyo dry sump imeneyo. Galimoto ikaima nthawi yaitali amatsetsereka kupita pansi pa injini, thanki n'kuoneka youma. Wosadziwa amadzaza, ndipo ikalira oyilo wobwerera amasefukira shedi yonse. Khuthulani thanki, pansi pa injini ndi mapaipi onse. Thirani 20W-50 wokhala ndi zinc wokwanira, poti camshaft yachikale yotere imadyeka msanga ndi oyilo wopyapyala wa galimoto zamakono. Mapulagi akadali kunja, waya wa koyilo mutazula, zungulitsani ndi sitata masekondi 10, pumulani, bwerezani mpaka muvi wa oyilo udzuke. Ukapanda kudzuka musapitirire. Yezaninso kompuresheni: masilinda anayiwo asasiyane kuposa 10 pa 100 alionse. Pobwezera mawaya kumbukirani kuti Kent imayaka 1-2-4-3, osati 1-3-4-2 imene amakaniko athu anailoweza pa Toyota. Mu redieta muthire madzi a batire, a pa mjigo ali ndi mchere wodya aluminiyamu.

Tsopano mukhoza kuitana alonda aja. Koma galimoto iyi ilibe fani, imazizira ndi liwiro lokha, ndiye ikani fani ya m'nyumba pa redieta ndipo muzimitse madzi akafika madigiri 90. Zambiri zilibenso alternator. Batire limangotha osabwezeredwa, choncho muzilizira ndi batire lina lapadera, ndipo muzitchaja magetsi akangobwera, osadikira mawa. Klatchi ikhoza kukhala itamamatira ku flywheel. Yesani matayala akumbuyo ali m'mwamba, osati galimoto italoza khoma.

Kuwongola miyendo sikufuna kompyuta. Ulusi wa mbedza mbali zonse ziwiri, womangidwa pa mapaipi awiri ofanana kutsogolo ndi kumbuyo, ndi rula yachitsulo, zikupatsani toe, ndiye kuti mmene matayala alozera m'kati kapena kunja, mpaka theka la milimita. Masikelo anayi ofanana oyezera matumba a chimanga amakwanira kuyeza kulemera kwa tayala lililonse, bola simenti ikhale yosalala ndipo woyendetsa akhale m'kati. Phatikizani lakutsogolo kumanzere ndi lakumbuyo kumanja, mufananitse ndi awiri enawo. Zikasiyana kwambiri, tayala limodzi lakutsogolo lizitseka msanga pa buleki.

Chiwalo china chimene chinakalamba m'shedi ndi woyendetsa. Mpando wakale sundikwananso, ndipo watsopano amaumba ndi thovu la mankhwala awiri lothiridwa m'chijumbo chachikulu, munthu n'kukhalapo osagwedezeka mpaka liume. Mutavala chisoti, mutu ukhale masentimita 5 kunsi kwa chitsulo chotchinga galimoto ikagubuduka. Malamba omangira thupi amatha ntchito pakapita zaka zisanu, tsiku lake lili pa kansalu kosokedwa pomwepo, ndipo oyendera galimoto pabwalo amayamba kuwerenga pamenepo asanakupatseni moni. Chisoti chakale sichiloledwa. Chatsopano chikhale ndi timfundo tokolekera HANS, chogwira khosi chimene nthawi yathu ambiri tinkangochionera pa Formula 1. Yeserani kumasula malamba, kuchotsa chiwongolero ndi kutuluka m'masekondi 5. Maondo akuuzani zaka zanu. Kwa dokotala mukayezetse maso, BP ndi mtima, chifukwa laisensi yakale inafa ndipo yatsopano imafuna chikalata chimenecho.

Poyesera ndiye palibe. Ku Malawi kuno tilibe bwalo la phula la mipikisano yotere, ndipo pamsewu musayerekeze, kaya ndi bypass Lamlungu m'mamawa. Galimoto ilibe nyali, mimba yake ili masentimita 4 kapena 5 kuchokera pansi, hampu imodzi ikwanira kuing'amba, ndipo wa kabaza sakuonani chifukwa mutu wanu uli m'munsi mwa chishalo chake. Bwalo lapafupi ndi Donnybrook ku Harare, kudzera pa Dedza, Tete ndi Nyamapanda. Kupitirira apo ndi Beitbridge mpaka Zwartkops pafupi ndi Pretoria, bwalo la makilomita 2.4.

Ulendowo umakhudzanso majeti aja. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere. Harare ndi Pretoria ndi okwera kuposa apo, mpweya ndi wopepuka, ndiye jeti yokoma kuno kumeneko imamwetsa injini petulo wambiri, mapulagi n'kuda. Zimenezo zimangochepetsa liwiro. Choopsa ndi kutsikira ku Killarney ku Cape Town ndi majeti a kumtunda: mpweya wochuluka, petulo wochepa, moto umakula mpaka kuboola pisitoni. M'bokosi la zida ndaikamo majeti a masaizi awiri kumwamba ndi awiri kumunsi, aliyense m'kajumbo kake kolembedwa nambala. Za thirela ndi mapepala odutsira malire atatu ndi galimoto yopanda nambala, zimenezo ndi za gawo 15.