Kachingwe kofiira

Mwana amayamba kudziwa kuvula, kuvala kumabwera pambuyo. Ndakhala ndikuwauza makolo zimenezi pa ntchito yanga yophunzitsa ana kudzisamalira, koma amene anandikhomerera phunziroli m'mutu ndi kamnyamata kanga ka zaka 2 ndi theka.

Kuvula sokosi n'kungokoka, ndipo mwana wa chaka chimodzi amatha. Kuvala kumafuna manja awiri ochita zosiyana komanso maso oona kumene kuli chidendene. Zipi nayo n'chimodzimodzi. Kutsitsa ambiri amatha ali ndi zaka 2 kapena kuposerapo pang'ono. Kukweza kumadikira chaka chachitatu, chifukwa dzanja lina liyenera kugwira nsalu m'munsi. Ya jekete, yolumikiza kaye mbali ziwiri, imafika mpaka zaka 4 kapena 5.

Wangayu kachitsulo ka zipi kankamupulumuka, poti chala chachikulu ndi chamkombaphala zinali zisanalimbe. Mankhwala ake ndi kachingwe: mumamanga pakachitsuloko ngati mphete yoti chala chilowe. Kenako inu mumatsitsa n'kusiya masentimita atatu okha, iye n'kumaliza. Mawa mumasiya asanu. Akamaliza, m'manja. Chovalacho chikhale patsogolo pake, osati pathupi pake, kuti aziona zimene akuchita. Ine ndinapachika pampando siketi yanga ya zipi yakumbuyo, n'kumangapo kachingwe kofiira. Sabata isanathe anali katswiri.

Kuchotsa kachingweko ndiye ndinaiwala.

Tsiku la msonkhano wa makolo ndinavala siketi yomweyo, mwana ndinapita naye. Ndinaima kutsogolo, dzanja ili chidole, dzanja ili kamalaya, ndikufotokoza kuti mwana akayesa chinthu payekha musamukalipire, mumuyamikire. Mwana wa msinkhu umenewu amatalika pafupifupi masentimita 90, ndipo akakweza mkono amafika m'chiuno mwa mayi ake ndendende. Masamu amenewa ndinawapanga mochedwa. Ndinangomva fwiii kumbuyo, kenako kamphepo.

Siketi inatsika mwaulemu mpaka m'mapazi. Ndinati ndithawire kuseri kwa tebulo, koma nsalu inandikola. Ndinayenda mapazi atatu manja ali m'mwamba, thupi likupendama uku ndi uku, monga amayendera mwana wa miyezi 13, mpaka ndinakhala pansi khu, pitikoti ali poyera.

"Ndatha, amama!" anakuwa mwini ntchitoyo, akudziombera m'manja.

Bambo wina wakutsogolo, womvera malangizo, anayamba kuomba nawo. Akazi awo anawagunda ndi chigongono, koma zinali zitafalikira kale holo yonse.

Ndinadzuka, ndinakokera siketi m'chiuno, n'kupeza kuti kachingwe kapanikizika m'mano a zipi. Ndinawerama n'kumunong'oneza mwanayo kuti, "Kweza, bambo, kweza msanga." Anayang'ana zipiyo, anandiyang'ana ine, n'kukhala pansi kuyamba kuvula nsapato.