Tambala wofiira anasanduka phulusa

Kwathu ku Ndirande mpaka lero amanditchula kuti Katswiri, ndipo si ulemu ayi.

Zinayamba ndi chinkhoswe cha mlongo wanga. Azakhali anatha milungu iwiri akukangana ndi amayi za chitenje cha yunifomu mpaka anapambana: chofiira, cha maluwa achikasu. Ine ndinadzipereka kujambula mwambo wonse, tisataye ndalama pa wojambula waganyu. Nditalandira za chipereganyu, ndinakwera minibasi ya ku Limbe kukasaka kamera ya vidiyo.

Musaganize kuti ndinagula mwachimbulimbuli. Ndinali nditafunsafunsa. Ndinkadziwa kuti magetsi a machubu a m'sitolo amabiriwiritsa nkhope pomwe mababu akale amaifiiritsa, choncho ndinauza mnyamata wogulitsayo kuti tituluke padzuwa. Ndinasolola pepala loyera m'thumba n'kulozetsapo kamera kuti idziwe choyera n'chiti, white balance imeneyo. Kenako ndinajambula nthochi, chipewa cha kondakitala, dzanja langa lomwe, poti kamera yabodza imagwidwira pakhungu la munthu. Ndinajambulanso matimati a mayi wina wa m'mbali mwa msewu, amene anayamba kufuna malipiro. Pakasikirini kotsegula kaja matimati anali psuu, enieni.

"Bwana, iyi ndi ya ku America, yangofika kumene," anatero mnyamatayo. Kungomva America ndinasiya ndi kunenerera komwe.

Tsiku la chinkhoswe ndinagwira ntchito ngati bulu. Ndinakwera pampando, ndinagwada m'fumbi, ndinathamangitsa ana. Matepi awiri a mphindi 60 anadzaza: ankhoswe akusinthana tambala ndi thadzi, perekaniperekani, zonse.

Lamlungu madzulo mtundu wonse unasonkhana kwa amalume, ana pansi, oyandikana nawo nyumba pawindo. Ndinalumikiza zingwe zitatu zija, chachikasu, choyera ndi chofiira, ku TV yawo yakale ya chimsana. Nthungululu zinamveka bwinobwino. Koma chithunzi, abale! Chakuda ndi choyera, chikunjenjemera ngati chagwidwa malungo. Tambala wofiira uja anali ngati wagona paphulusa.

"Iwe, chitenje changa chili kuti?"

"Ndi chimenecho mwavalacho, azakhali."

"Chotuwa ichi? Ine milungu iwiri ija ndinkavutikira chiguduli?"

Amalume anamenya TV pamutu kawiri, osasintha. Agogo okha ndiwo anakondwa, ati zikuwakumbutsa zithunzi zomwe ankajambulitsa popita ku migodi ya ku Joni.

Mawa lake wokonza mawailesi wa mumsika ananditanthauzira akuseka. Anati makamera a ku America ndi Japan amajambula mwa njira yotchedwa NTSC, chithunzi cha mizere 525, pomwe ma TV a kuno anali pa njira ya PAL, mizere 625. Mitundu ili m'tepimo ndithu, kungoti TV yakale ngati ya amalume siitha kuiwerenga. "Achimwene, tatembenuzani kamerayo." Kunsi kwake kunali zilembo zinayi, NTSC, pamalo penipeni pomwe chala changa chinkagwira tsiku lonse ndikuyesa matimati.

Chinkhoswecho tinachioneranso pakasikirini kakang'ono kaja, atatuatatu, mitu ikugundana. Azakhali atafika poona chitenje chawo chili psuu, anailanda kamerayo n'kukhala nayo pakona, osapatsako wina aliyense mpaka batire linatha.