Kuchotsa misoko pa chithunzi chachitali cha nyanja

Nyanja ndi yovuta kuijambula zithunzi zoti uzilumikize kukhala chimodzi. Kumwamba n'kosalala moti kusiyana pang'ono kwa kuwala kumaonekera, madzi sakhala malo amodzi, ndipo mzere umene nyanja imakumana ndi thambo ukangokhota, aliyense amaona. Zanga ndinajambula ku Chembe, ku Cape Maclear, dzuwa likulowa, kuyambira chilumba cha Thumbi mpaka cha Domwe. Hugin, pulogalamu yaulere yolumikizira zithunzi, itazilumikiza yokha, misoko inali poyera: mikwingwirima yakuda kumwamba, bwato limodzi lodukiza pakati, mafunde osakumana.

Anthu ambiri akaona zotere amathamangira kusintha Enblend, kapulogalamu kamene kamasakaniza malire a zithunzi mkati mwa Hugin. Ine ndinakasiya kaye. Enblend imabisa kusiyana kwa kuwala, koma zithunzi zikapanda kukhala pamalo pake ilibe chochita. Telala ngakhale aluse bwanji, maluwa a mbali ziwiri za chitenje akapanda kukumana, msoko umaoneka basi.

Ndiye ndinayambira pa ma control point, timadontho timene pulogalamu imaika pa chinthu chooneka m'zithunzi ziwiri zoyandikana. Tambiri tinali pa mitambo ndi pa mafunde, zinthu zomwe zinali zitasuntha kale pamene ndimajambula chithunzi chotsatira. Ta pamitambo ndinachotsa ndi Celeste, yomwe ili mu Hugin momwemo chifukwa cha ntchito imeneyi. Ta pamadzi ndinafufuta pamanja, n'kusiya ta pamiyala, pamitengo ya pazilumba ndi pamapiri. Ndinaikanso timadontho ta mtundu wa horizontal line pamzere wa nyanja uja kuti uwongoke. Ndikamaliza optimise, pamene Hugin imasuntha zithunzi kuti timadontho tija tikumane, ndimafuna kusiyana kusapitirire ma pixel awiri (tizigawo ting'onoting'ono topanga chithunzi), ndipo kadontho kolakwika kwambiri ndimakataya.

Mikwingwirima yakuda ija imachokera ku lenzi. Pafupifupi lenzi iliyonse imadetsa m'makona mwa chithunzi, zimene ojambula amati vignetting, ndiye ukalumikiza m'mphepete mwakuda ndi m'mphepete mwinanso mwakuda, thambo limaoneka ngati lapakidwa mizere. Hugin imatha kuwerengera mdima umenewu poyerekeza malo amene zithunzi zasanjikizana, n'chifukwa chake pojambula ndimaonetsetsa kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a chithunzi chilichonse libwerezedwe m'chotsatira. Kamera ndinali nditaiika pa manual kuti isasinthe yokha kuwala, white balance (kaonekedwe ka mitundu) yosasintha, choncho photometric optimisation, imene imafananiza kuwala kwa zithunzi, sinavutike. Mafayilo ndinatulutsa kuchokera ku RAW (zithunzi zosakonzedwa za m'kamera) ngati TIFF ya 16-bit, yosunga mitundu yambiri, chifukwa JPEG ya 8-bit, yosunga mitundu yochepa, imapanga timasitepe m'mitundu ya dzuwa lolowa ukayamba kuikoka uku ndi uku.

Apa m'pamene ndinafika pa Enblend. Njira imene imagwiritsa ntchito ndi yakale ndithu, anaifotokoza Peter Burt ndi Edward Adelson mu 1983, ndipo Matthew Brown ndi David Lowe anaigwiritsanso ntchito pa AutoStitch, pulogalamu ina yolumikizira zithunzi. Chithunzi chimagawidwa m'magawo: kusintha kwa kuwala kwapang'onopang'ono, monga kufiira kwa kumadzulo, kumasakanizidwa pa dera lalikulu, pomwe tizinthu ting'onoting'ono monga masamba ndi zingwe za maukonde timasakanizidwa pa kamzere kopyapyala kuti tisaoneke pawiri. Magawowa amatchedwa levels. Akachepa, thambo limasintha mtundu mwadzidzidzi pamsoko. Pa tsamba la Stitcher mu Hugin, m'kabokosi ka options za Enblend, ndinalemba -l 29, kutanthauza kuti igwiritse ntchito onse amene ingathe, ndipo kumwamba kunasalala. Kuti ndione pamene msoko ukudutsa ndinaonjezera --visualize, imene imajambula njira ya msokowo m'fayilo yapadera. Ambiri saidziwa, koma imapulumutsa nthawi, chifukwa umaona ndi maso kuti vuto lili pati m'malo mongoyesa mwachimbulimbuli.

Bwato lodukiza lija linali la asodzi amene ankapalasa ndikujambula, ndipo msoko unadutsa pa iwo enieni. Pa tsamba la Masks mu Hugin ndinalizunguliza ndi exclude region, malire ouza pulogalamu kuti isatenge malowo, m'chithunzi chimodzi kuti litengedwe lathunthu m'chinacho. Mabwato okhala pamchenga pafupi ndi ine ndinawachita chimodzimodzi, ngakhale vuto lawo ndi lina: kamera ya m'manja sizungulira ndendende pa lenzi, ndiye zapafupi zimasuntha poyerekeza ndi zakutali.

Mafunde ndiwo anakana mpaka kumapeto. Enblend 4.2 imasankha njira ya msoko ndi graph-cut, kufunafuna pamene zithunzi ziwiri zikufanana kwambiri, ndipo pamadzi akutali imachita bwino. Koma funde loswekera pagombe m'chithunzi chimodzi silipezeka m'chinzake, palibe pulogalamu ingalipeke. Ndinauza Hugin itulutsenso remapped images, zithunzi zopindidwa kale koma zosasakaniza, n'kuzitsegula mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, pamwamba pa chithunzi chachitalicho. Ndi burashi yofewa pa layer mask, imene imabisa kapena kuonetsa mbali za chithunzi chapamwamba, ndinabwezeretsa funde la chithunzi chimodzi mpaka pamene limathera pamwala, msoko n'kubisala kuseri kwa mwalawo.