Lachisanu ku Port Renfrew, pansi pa mtengo womwe unatsala wokha

Ndikulemba usiku uno miyendo ikuphwanya, nsapato zili pakhonde zodzaza matope, chifukwa lero ine ndi mayi akunyumba tinapita kukaona nkhalango yomwe yakhala ikutchulidwa m'nyuzi kuyambira pamene tinafika kuno ku Victoria, pachilumba cha Vancouver Island m'dziko la Canada. Amene anatitenga ndi mayi wina wachikulire woyandikana naye nyumba, yemwe m'chaka cha 2021 ankapititsa chakudya kumisasa ya anthu omwe ankatchinga misewu yolowera kuchigwa cha Fairy Creek pofuna kuletsa kampani kudula mitengo yakalekale. Akhala akutiuza kwa nthawi yaitali kuti nkhani imeneyi munthu saimvetsa ali pampando m'nyumba, ndipo lero, popeza tonse tinali ndi tchuthi, tinasowa chowiringula.

Tinanyamuka kusanache bwino ndipo tinatsata msewu wa Highway 14 wodutsa ku Sooke ndi ku Jordan River, ulendo wa maola awiri pamtunda wa makilomita oposa 100. Nyanja inali kumanzere, nkhungu itakuta zonse, ndipo kamvula kowaza konga chiperoni sikanaleke mpaka masana. Chomwe chinandidabwitsa m'njiramo n'chakuti mapiri ambiri omwe ndinkawaona ngati nkhalango yachilengedwe ndi minda ya mitengo chabe. Mayi aja anatilozera momwe mitengoyo yafananira msinkhu ngati ana a kalasi imodzi, umboni wakuti yakale inadulidwa yonse tsiku lina ndipo iyi inachita kubzalidwa. Kumbali ino ya kunyanja, boma limati nkhalango ndi yakale ngati mitengo yake yapitirira zaka 250, ndipo yotereyi yatsala m'zigawo zochepa, makamaka m'malo ovuta kufikamo.

Titadutsa kamudzi ka Port Renfrew tinaima pang'ono pa Fairy Lake, pomwe pali kamtengo kodziwika komwe kanamera pachipika chomira pakati pa madzi, ndipo apa m'pamene mayi aja anayamba kufotokoza mwatsatanetsatane. Chigwa cha Fairy Creek chili kumtunda kwa malowa, ndipo ndi malo a boma, monga momwe alili malo opitirira 90 peresenti a chigawo cha British Columbia, momwe muli chilumbachi. Boma linapereka chilolezo chodula mitengo m'dera lalikulu lotchedwa Tree Farm Licence 46 kwa kampani ya Teal-Jones. Mu Ogasiti 2020, anthu ochepa ataona kuti msewu watsopano ukulambulidwa kulowera kuchigwacho, anakakhala pakati pa msewuwo n'kumanga msasa, ndipo gulu lawo linkadzitcha Rainforest Flying Squad. Kampani inakadandaula kukhothi lalikulu la chigawochi, ndipo pa 1 Epulo 2021 inapatsidwa chiletso choletsa aliyense kutchinga misewuyo. Pakati pa mwezi wa Meyi apolisi a dziko la Canada otchedwa RCMP anayamba kumanga anthu, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho anali atamanga anthu maulendo oposa 1,100, kuposa omwe anamangidwa ku Clayoquot Sound pachilumba chomwechi mu 1993, pomwe anamangidwa oposa 800 pa nkhani yonga yomweyi.

Ine ndinkaganiza kuti zionetsero n'kunyamula zikwangwani ndi kuimba mumsewu, monga tinazolowera, koma zomwe anatifotokozera ndi ntchito ya mtundu wina. Anthu ankakumba dzenje pakati pa msewu, n'kuikamo paipi, n'kuithira simenti, kenako munthu n'kugona pansi, kulowetsa mkono m'paipimo ndi kudzimangirira ndi unyolo mkati momwemo, kotero kuti wapolisi sangamukoke popanda kumuthyola mkono. Ena ankaimika mitengo itatu yolumikizana kumwamba n'kukhala pansonga pake, ena ankagona pamatabwa omangiriridwa pamwamba pa mitengo kwa masiku angapo. Apolisi ankabwera ndi makina okumbira komanso oswera simenti, n'kumagwira ntchito pafupi ndi mutu wa munthu wamoyo, ndipo tsiku lonse linkatha akuchotsa anthu owerengeka. Usiku ena ankakumbanso maenje atsopano. Mayi aja anati iwo sanadzimangirirepo, msinkhu sukanawalola, koma ankaphika ndi kunyamula zigubu za madzi, ndipo zomwe amakumbukira kwambiri ndi kuzizira kwa m'mawa ndi fungo la zovala zonyowa zomwe sizinkauma.

Za momwe apolisi anachitira sindikufuna kudalira mawu a munthu mmodzi yemwe anali mbali imodzi ya mkanganowo, ndipo mwayi wake n'ngwakuti khothi lenilenilo linalankhulapo. Apolisi ankakhazikitsa malo akuluakulu omwe sankalola aliyense kulowamo, kuphatikizapo atolankhani, ndipo mu Julaye 2021 Jaji Douglas Thompson anagamula kuti analibe mphamvu yochitira zimenezo mopanda chifukwa chomveka. Mu Ogasiti munafalikira kanema woonetsa apolisi akupopera mankhwala a tsabola kumaso kwa gulu la anthu omwe anali atakolekerana mikono. Pa 28 Seputembala jaji yemweyo anakana kuwonjezera nthawi ya chiletso chija, ponena kuti njira zomwe apolisi ankatsata zinaphwanya kwambiri ufulu wa anthu ndi wa atolankhani, ndiponso kuti mbiri ya khothi inkaipa chifukwa zonsezo zinkachitika m'dzina la lamulo lake. Anadandaulanso kuti apolisi ena ankagwira ntchito atachotsa zizindikiro zowadziwitsa mayina. Chilungamo chake, iye sanawasambitse ochita zionetserowo: anaona kuti nawonso ankawonjezera njira zoika moyo pachiswe, ndipo anavomereza kuti nthawi zambiri apolisi ankagwira ntchito yovutayo modziletsa. Khothi la apilo linabwezeretsa chiletsocho, ndipo mu Januwale 2022 linagamula kuti khalidwe la apolisi si chifukwa cholandira kampani chitetezo chomwe lamulo limaipatsa.

Chomwe chinandiseketsa, ngakhale si nkhani yoseketsa, ndi momwe milandu yambiri inathera. Mu 2023 khothi linamasula mmodzi mwa omangidwawo chifukwa apolisi, pomumanga, anamuwerengera chidule cha chiletso m'malo momudziwitsa mokwanira zomwe khothi linalamula, ndipo zotsatira zake oimira boma pamilandu anathetsa milandu ina 146. Miyezi yonse ija ya mahelikopita, makina ndi matope inakagwera pa kapepala komwe sikanawerengedwe mokwanira.

Kuchokera pa Fairy Lake tinabwerera n'kulowa msewu wa miyala wa magalimoto onyamula zipika, wolowera m'chigwa cha mtsinje wa Gordon River. Msewuwu ndi woipa kwabasi, ndipo titawoloka mlatho wautali womwe pansi pake madzi amaoneka kutali ngati ulusi, tinasiya galimoto n'kuyamba kukwera wapansi. Mayi akunyumba ankapuma pafupipafupi ndipo ine ndinkanamizira kuwadikira. Titakhota pena pake tinauona mtengo womwe tinadzera, womwe anthu anaupatsa dzina loti Big Lonely Doug. Ndi wa mtundu wa Douglas fir, wotalika mamita 66, thunthu lake n'lokula pafupifupi mamita anayi kuchoka mbali ina kufika ina, ndipo akatswiri amati uli ndi zaka pafupifupi 1,000. Waima wokhawokha pamalo otsetsereka pomwe anzake onse anadulidwa, ndipo timitengo tobzala tomwe tikukula mozungulira sitikufika n'komwe pomwe nthambi zake zoyamba zayambira.

Tinatsika kanjira koterera kufika patsinde pake. Tinayesa kugwirana manja atatu kuti tiuzungulire koma sitinafike ngakhale theka. Khungwa lake lili ndi ming'alu yoti dzanja limalowamo lonse, ndipo zitsa za anzake zili apo ndi apo, zina zazikulu moti banja lingayalepo mphasa n'kudyerapo nsima. Mbiri ya mtengowu ndi yomwe yandisowetsa tulo. Sunapulumutsidwe ndi zionetsero kapena ndi khothi. Mu 2011 munthu wogwira ntchito yoyeza malo oti adulidwe, Dennis Cronin, yemwe anakhala zaka zambiri pantchito ya mitengo, anafika pamtengowu, n'kuumanga kansalu kobiriwira kosonyeza kuti usiyidwe, ndipo odula atabwera anaulambalala. Ndinaima pamenepo ndikuganiza kuti munthu yemwe ochita zionetsero akanamuona ngati wa mbali ya adani ndi amene anachititsa kuti ife lero tikhale ndi choyang'ana.

Tili pachitsa china tikudya buledi ndi tiyi wa m'fulasiki, mayi akunyumba anandifunsa m'Chichewa kuti mayi aja asamve: "Bambo, kodi zikanakhala kwathu, akanamangidwa ndani pamenepa?" Ndinawayankha kuti, "Mayi, akanamangidwa wa njinga ya makala." Tonse tikukumbukira pamene asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalango ya Dzalanyama kuti athamangitse odula mitengo ndi otcha makala, ndipo tonse tikudziwa momwe mkungudza wa m'phiri la Mulanje unathera ngakhale ndi mtengo wa fuko. Kwathu mfuti imaloza wodula, kuno inkateteza wodula, koma ndikaganiza mofatsa ndikuona kuti m'malo onse awiri wapolisi amayang'ana chinthu chimodzi, chomwe ndi pepala. Wokhala ndi chilolezo amadula mitengo ya zaka 1,000 masana dzuwa likuswa mtengo, apolisi atamulambulira njira, ndipo wopanda chilolezo ndi wolakwa kaya wanyamula nkhwangwa kaya wangogona pamsewu. Funso loti chilolezocho chinayenera kuperekedwa kapena ayi silifika kwa wapolisi, ndipo makhothi a kuno ananena momveka kuti silifikanso kwa iwo, n'la andale.

Andalewo anali ndi mbali yawo. Nduna yaikulu ya chigawochi nthawi imeneyo, John Horgan, inali phungu wa dera lomwe muli Fairy Creek, ndipo pa chisankho cha 2020 inalonjeza kutsatira mfundo zonse 14 za lipoti lomwe boma lake linalamula lokhudza nkhalango zakale. Anthu ambiri omwe anapita kukagona pamsewu ankanena kuti akungofuna lonjezo limenelo likwaniritsidwe mitengo isanathe.

Koma nkhani yomwe inatilepheretsa kumvana ndi mayi aja pobwerera ndi ya eni nthaka. Malo onsewa ndi a mtundu wa Pacheedaht, womwe unali pano Azungu asanafike ndipo sunasainirepo pangano lopereka dziko lake. Mu Epulo 2021 atsogoleri awo, mfumu yosankhidwa Jeff Jones ndi mfumu yachibadwidwe Frank Queesto Jones, analemba kalata yonena kuti safuna anthu akunja kulowerera pa nkhani za nkhalango yawo. Mtunduwu uli ndi malo akeake ochekera matabwa ndipo umalandira gawo la ndalama za mitengo yodulidwa m'dera lake. Komabe mkulu wina wa mtundu womwewo, Bill Jones, ndi amene ankauza ochita zionetsero kuti akhale monga alendo ake. Mayi aja amaima ndi Bill Jones, ndipo amati atsogoleri aja anapanikizidwa ndi umphawi komanso mapangano a boma. Ine ndinawauza mwaulemu kuti mawu amenewo ndinawamvapo kwina, pamene anthu okhuta ochokera kutali amafotokozera anthu a m'mudzi chifukwa chomwe maganizo awo sali awoawo. Kwathu mlendo akafika pamudzi wokhala ndi mkangano wa pachibale, sasankha mkulu mmodzi wogwirizana naye n'kumati walandiridwa ndi mudzi wonse. Iwo anandiyankha kuti mtengo ukagwa sudikira kuti abale agwirizane, ndipo pamenepo ndinalibe chowabwezera.

Chomwe tonse tinavomerezana n'chakuti kudula m'chigwa cha Fairy Creek kunaima pamene eni nthaka analankhula. Mu Juni 2021 mitundu itatu, Pacheedaht, Ditidaht ndi Huu-ay-aht, inauza boma kuti ikufuna kudula kuimitsidwe kwa zaka ziwiri pa mahekitala pafupifupi 2,000 a ku Fairy Creek ndi kunkhalango ina ya Central Walbran pamene ikukonza mapulani akeake, ndipo boma linavomera m'masiku ochepa chabe, kenako nthawiyo inawonjezeredwa. Mayi aja amati popanda anthu ogona pamsewu pempho la mitundu itatu ija silikanaperekedwa. Mwina akunena zoona. Ochita zionetsero sanachoke nthawi imeneyo chifukwa kunja kwa malire a mahekitala amenewo makina ankalirabe, ndipo kumanga anthu kochuluka kunachitika pambuyo pa chilengezocho.

Tikutsika msewu wa miyala uja madzulo, mayi aja anakhotetsera galimoto m'mbali mwadzidzidzi, ndipo chithiraki chodzaza zipika chinatidutsa chikutsika, matayala ake akutimwazira madzi amatope pagalasi. Dalaivala anakweza dzanja kutithokoza pomupatsa njira, ndipo mayi aja, omwe anathera chilimwe chonse cha 2021 akuphikira anthu otchinga magalimoto ngati limeneli, anakwezanso lawo. Palibe anayankhula mpaka tinafika pa tara. Tinafika kunyumba cha m'ma 8 koloko usiku, panopa mayi akunyumba agona kale, ndipo m'thumba la jekete ndapezamo kachidutswa ka khungwa komwe ndinatola pansi patsinde pa mtengo uja. Ndakaika pawindo kuti kaume.