Chiponde chathu cha ku Luchenza: tsopano chuku tikudziyezera tokha

Mwezi uno kachipinda koyezera mtedza kamene takhala tikumanga kuseri kwa fakitale yathu kayamba kugwira ntchito. Ndati fakitale poti ndi mmene ana a pamudzi amatchulira, koma ndi nyumba wamba yokhala ndi makina okazingira, chigayo cha chiponde, ndi khonde pomwe amayi amakhala ndi malichero awo n'kumasankha mtedza. Ngakhale zili choncho, ndikunyada ndithu. Kuyambira pano palibe thumba la mtedza limene lilowe m'makina athu lisanayezedwe.

Tinayamba mu 2018, ine ndi bambo a kunyumba, kukazinga pa mbaula ndi kugulitsa pa msika wa Luchenza. Kenako mabotolo athu anafika ku Bvumbwe, ku Chitakale, mpaka ku Limbuli. Kuno ndi kwa tiyi, nthochi ndi nandolo, choncho mtedza wambiri timaugula kuchokera ku Mchinji ndi ku Kasungu, makamaka mtundu wa CG7 wofiira uja chifukwa mafuta ake ndi ambiri ndipo chiponde chake chimasalala.

Chaka cha 2023 ndicho chinatigwetsa. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi, misewu ndi milatho ya kuno ku Thyolo ndi Mulanje inawonongeka, malonda anaima, anthu analibe ndalama yogulira ndi mchere womwe. Titangoyamba kupuma, shopu ina yaikulu mu Blantyre inavomera kuika chiponde chathu pa mashelefu ake. Tinakongola ndalama, tinagula mtedza wambiri kwa bambo wina amene tinkamukhulupirira ngati wachibale. Mtedzawo unafika mu Juni, chiperoni chili pakati, kooneka bwino, kolemera bwino pa sikelo. Eni shopu anatumiza mabotolo angapo ku labotale, ndipo patapita masabata ochepa galimoto yawo inatsitsa makatoni athu onse pakhomo. Papepala analemba kuti poizoni wa chuku ndi wochuluka kupyola muyezo.

Tinadzamva pambuyo pake kuti bamboyo ankawaza madzi pa mtedza wa m'makoko kuti usavute kuswa ndiponso kuti ulemere, kenako n'kuuthira m'matumba usanaume. Achimwene, ngati mukuwerenga izi, nambala yanu ndikadali nayo koma musadikire foni yanga. Nawo amene anatibwereketsa ndalama, amene ankandiitana kuti "amayi athu a bizinesi" tsiku losayina mapepala, sanadikire ndi mwezi womwe. Anabwera ndi anyamata awiri n'kukankha njinga yamoto yomwe tinkaperekera katundu, anthu akuonerera. Masiku ano amayika chala chovomereza pa chilichonse chimene ndalemba pa Facebook. Ndimawaona.

Amene anatidzutsa ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana amene anaphunzira za labotale ku koleji. Anandikhazika pansi n'kundiuza kuti nkhungu ya chuku yotchedwa Aspergillus flavus imamera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino, n'kutulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu alibe fungo, ndipo mtedza wooneka woyera ukhoza kukhala naye. Chimene chinandiopsa kwambiri ndi chakuti kukazinga sikumuthetsa. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka kuyambitsa khansa, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Anadziwika mu 1960 pomwe nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Ndinaganizira ana amene amayi awo amawathirira chiponde chathu m'phala, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione.

Njira imene tikugwiritsa ntchito akatswiri amaitcha thin-layer chromatography, mwachidule TLC. Ndi yakale ndithu, katswiri wa ku Germany, Egon Stahl, anaikonza bwino m'zaka za m'ma 1950, ndipo ma labotale aakulu masiku ano ali ndi makina okwera mtengo a HPLC. Koma kwa bizinesi ngati yathu TLC ndi imene thumba lathu lingakwanitse.

Ntchito imayamba ndi kutapa. Chuku sichifalikira mofanana, njere zochepa zowola zikhoza kuipitsa thumba lonse, ndiye timatapa m'matumba ambiri, pamwamba, pakati ndi pansi, n'kupera zonse pamodzi. Mtsikana uja amatengako pang'ono, kusakaniza ndi mankhwala a methanol ndi madzi, kukhutchumula, kusefa, ndi kuchotsa mafuta ndi zina zosokoneza mpaka kutsale timadzi tochepa. Ndiye amatenga kambale kopyapyala kokutidwa ndi ufa woyera wa silica gel, n'kujambula mzere chakumunsi ndi pensulo. Tsiku lina ndinamupatsa bolopeni, anandiseka, akuti inki imasungunuka n'kuyenda limodzi ndi mankhwala. Pamzerepo amadontheza kadontho ka mtedza wathu, ndipo pambali pake kadontho ka aflatoxin weniweni wogula, wodziwika mphamvu yake. Kabotolo ka aflatoxin wofanizirayu n'kakang'ono kuposa chala changa koma ndi kamene kanatidyera ndalama zambiri, poti kamachokera kunja ndipo nkhani ya ndalama zakunja mukuidziwa nonse.

Kambaleko amakaimika m'botolo lagalasi lotsekera momwe muli chloroform wosakaniza ndi acetone pang'ono pansi. Mankhwalawo amakwera okha m'kambale monga mafuta akwerera chingwe cha koloboyi, n'kumanyamula zimene zinali m'kadontho kaja. Zina zimathamanga, zina zimatsalira, ndipo chilichonse chimaima pamalo pake. Akakatulutsa n'kukaumitsa, maso sawona kanthu, kambale n'koyera. Timatseka zenera ndi chinsalu chakuda n'kuyatsa getsi lapadera la UV la 365 nm, lomwe limawalitsa poizoniyu mumdima. Apo ndiye mtima umagunda. Madontho a mitundu ya aflatoxin yotchedwa B1 ndi B2 amawala mtundu wa buluu, a G1 ndi G2 amawala mobiriwira. Ngati mumzere wa mtedza wathu mwatuluka kadontho pa msinkhu womwewo ndi ka wofanizira uja, ndiye kuti chuku chilimo, ndipo kuwala kwake kumationetsa ngati n'chambiri kapena chochepa. Fungo la mankhwalawa ndi loipa, amagwira atavala magolovesi ndi chophimba kukamwa, ndipo ziwiya zonse amaviika mu jiki akamaliza.

Ndinene poyera kuti kachipinda kathu sikakulowa m'malo mwa a Malawi Bureau of Standards. TLC imatithandiza kukana mtedza woipa pakhomo, koma manambala enieni timawatenga potumiza mabotolo ku labotale yovomerezeka mu Blantyre. Mayiko a European Union amalola ma microgram 4 okha a aflatoxin pa kilogalamu ya mtedza wodyedwa (microgram imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), ndipo ife tikulinga pamenepo ngakhale sitinayambe kutumiza kunja. Mtedza umene walephera timaubweza kwa mwini wake ulendo womwewo. Zosankhamo zathu, zonyala ndi zobooka zija, sitigulitsa. Zimandipweteka kuona kuti zoterezi n'zimene anthu ena amasinja n'kumagulitsa ngati nsinjiro zotchipa pamsika, zomwe zimakathera m'ndiwo ndi m'phala la ana. Kupatsa ng'ombe nakonso si njira, poizoniyu amatulukira mumkaka.

Zikomo kwa Mulungu poyamba. Zikomo bambo a kunyumba, amene munapalasa njinga yakapalasa ndi makatoni mpaka ku Thyolo boma pomwe yamoto ija inapita. Apongozi anga, munagulitsa mbuzi zanu osandiuza, ndinadzamvera kwa ena. Amayi anzanga a banki m'khonde munandidikira popanda kundinyoza. Amayi osankha mtedza, munagwira ntchito miyezi ija malipiro akuchedwa, ndipo palibe mmodzi anachoka. Amfumu athu, a mvano a kumpingo kwathu, alangizi a zaulimi amene anaphunzitsa alimi athu ku Mchinji kuumitsa mtedza pa mulu wolowa mpweya pakati wotchedwa Mandela cock m'malo mouyala padothi, anyamata a kabaza a pa siteji ya Luchenza, ndi inu eni magolosale amene munalandiranso mabotolo athu mbiri yoipa ili m'kamwa mwa anthu, sindingakubwezereni. Ndipo iwe mwana wanga, unakana ntchito mu tauni n'kubwera kudzakhala m'kachipinda kamdima ndi azakhali ako.

Chiponde chathu chilipo cha mitundu iwiri, chosalala ndi cha timibulu, m'mabotolo aang'ono ndi aakulu a chivindikiro chachikasu, chopanda shuga. Tayambanso kulongedza nsinjiro zoyezedwa m'mapaketi. Pa botolo lililonse pali nambala ya gulu la mtedza umene linachokera, mukaitumiza pa WhatsApp tikutumizirani chithunzi cha kambale kake. Masukulu a mkaka, magulu ophikira ana phala ndi ogula makatoni timawachotsera mtengo, ndipo timafikitsa katundu ku Mulanje boma, Bvumbwe ndi Limbe Lachisanu lililonse. Alimi a ng'ombe za mkaka amene mukukayikira madeya anu, bweretsani pang'ono m'jumbo Lachiwiri m'mawa, tikuyezerani pa mtengo wochepa. Kulipira ndi pa Airtel Money, Mpamba kapena pamanja.