Nkhani ya madontho ija, imveni kwa mwini wake

Popeza ena mwayamba kale kunditchula "Shehe wa Madontho", bola ndifotokoze ndekha musanathire mchere wanu.

Eya, ndinapanga font ya Chiarabu, kalembedwe ka zilembo ka pa kompyuta. Eya, Chiarabucho sindiwerenga. Koma telala amafunika akhale mkwatibwi kuti asoke diresi?

Amalume ake a mnzanga ku Mangochi ankafuna chikwangwani cha tiyirumu yawo, akuti zilembo zake zisafanane ndi za wina aliyense. Ine ndinati bho, zilembo 28 zokha, wikendi imodzi zatheka. Pa YouTube aliyense amatama Glyphs, pulogalamu yopangira ma font, akuti ukangotchula zilembo maina oyenera zolumikizazo imakukonzera yokha, ndagula bandulo, ndadawuniloda, ndi pomwe ndikuona kuti imagwira pa Mac pokha, ine laputopu yanga ndi ya Windows ija imalira ngati chigayo. Inzake FontLab ndinangoona mtengo n'kutseka. Ndinathera pa FontForge, yaulere, nkhope yake yachikalekale koma ntchito imagwira.

28 ija inandinamiza. Chilembo chimodzi chimasintha thupi chikakhala chokha, koyambirira, pakati, kumapeto, ndiye ma init, medi, fina (maonekedwe a koyambirira, pakati ndi kumapeto aja) uzikonze wekha. Nditayesa kulemba koyamba zilembo zinangoima chilichonse pachokha ngati abale okangana pa maliro. Masabata atatu ndikuziyanjanitsa.

Tsono amalume anandilembera zitsanzo papepala, ndinasikana, poyeretsa ndinafufuta timadontho tonse poganiza kuti ndi fumbi la sikana. Nditazindikira ndinatibwezera mongokumbukira. Apa ndi pomwe panagona nkhani.

Tsiku lotambasula chikwangwani, amalume anachiyang'ana. Zii. Anavula magalasi, kupukuta ndi mkanjo, kuvalanso. Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu. Anapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi. Ine ndili phee, mumtima ndikuti akulu agoma nalo luso. Anaitana aneba, aneba anapukutanso awo magalasi, kenako anaitana kamwana kochokera ku madrasa, kamphuno kotuwa, kanangoyang'ana kamodzi n'kukuwa, "bint!"

Pamafunika bayt, nyumba. Chilembo chapakati chimayenera kukhala ndi madontho awiri pansi, ine ndinaika limodzi pamwamba, basi "nyumba ya tiyi" yasanduka "mtsikana wa tiyi", mamita awiri, penti yofiira.

"Mwana wanga, mtsikanayu ali kuti? Azakhali ako akandifunsa ndiwayankha chani?"

Anthu kuseka mpaka wa kabaza anaimika njinga, iye sakudziwa n'komwe chomwe chikusekedwa.

Koma tinene zoona, zilembo zinalumikizana bwinobwino, kuchokera kumanja kupita kumanzere, palibe anadandaula pamenepo, ndipo lam-alif yanga, zilembo ziwiri zija zimalumikizana mwapadera, inali yokongola ngakhale pachikwangwanipo panalibe. Dontho ndi kanthu kakang'ono abale.

Anakonza okha ndi kabulashi, anandipatsa theka la ndalama ndi tiyi wamkaka. Glyphs ija ikadali mu Downloads, ndikuona chisoni kuifufuta, inandidyera bandulo.