Mmene tinabwezera komiti ya m'dera lathu m'manja mwa eni nyumba

Komiti yathu inabadwa chifukwa cha akuba ndi msewu. Timakhala mbali ya Matawale ku Zomba, kumapoloti amene aliyense anamanga pang'onopang'ono. Tinagwirizana kuti khomo lililonse lizisonkha mwezi ndi mwezi zolipira alonda ausiku ndi kukonzetsa msewu, tinasankha wapampando, mlembi ndi msungichuma, n'kulemba malamulo a masamba anayi. Kenako malamulowo tonse tinawaiwala.

Zinthu zinasokonekera namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023. Madzi anakumba msewu wathu, kalavati n'kugumuka. Tinasonkha ndalama zapadera, matumba ochepa a simenti anabwera, ntchito n'kuima. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, a tcheyamani anakweza chosonkha paokha, kungolemba uthenga pa WhatsApp usiku. Mayi msungichuma atafunsidwa anayankha kuti nawonso angoonera pafoni ngati ife, chifukwa ndalama zinali zitayamba kulowa pa Airtel Money ya a tcheyamani. Wofunsa kwambiri ankachotsedwa pagulupu. Ine ndinachotsedwa Lachiwiri lina m'mawa, ndipo zinandipweteka, poti bambo amenewa ndi omwe anatsogolera zonse pa maliro a mlamu wanga.

Choyamba chimene ndinachita chinali kufunafuna malamulo aja. Ndinawapeza kwa mlembi woyamba, m'chikwama cha mabuku a kwaya, ngodya imodzi itadyedwa ndi chiswe koma zolemba zikuwerengeka. Munali mfundo zitatu zimene zinatipulumutsa: komiti imakhala zaka ziwiri, chosonkha chimasinthidwa ndi msonkhano wa onse basi, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a eni nyumba likasayina, msonkhano wapadera uyenera kuitanidwa pasanathe masiku 21. Komiti yathu inali itapitirira nthawi yake kalekale. Ngati muli m'vuto ngati lathuli, musayambe ndi mawu oti "wadya ndalama". Mulibe umboni, ndipo mukhoza kudzipezera mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Yambani ndi zimene zinalembedwa.

Kusonkhanitsa masiginecha ndiko kunandidyera nthawi. Ndinkayenda madzulo ndi mayi wina wa mpingo wathu, kope m'manja, khomo ndi khomo. Vuto linali loti nyumba zambiri kuno muli anthu a lendi, ena ana asukulu a ku Chanco, pomwe eni ake ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Malamulo ankati wovota ndi mwini nyumba, koma wosonkha mwezi ndi mwezi ndi wokhalamo. Ine ndimaona kuti amene akulipira mlonda ayenera kukhala ndi mawu, komabe panthawiyo tinatsata zolembedwa kuti wina asapeze pogwira. Eni nyumba akutali tinkawaimbira, iwo n'kutumiza chithunzi cha kalata yosayinidwa. Agogo ena anandigwira mkono n'kunena kuti, "Mwanangu, ndisayina, koma musakam'chititse manyazi pagulu munthu wamkuluyo." Mawu amenewa ndinawasunga.

Kalata yopempha msonkhano tinalemba makope atatu: ya a tcheyamani, ya mlembi, ina ya amfumu. Ya a tcheyamani ndinakapereka ndekha, pakhonde pawo, ndipo ndinapempha kuti asayine pa kope yanga kusonyeza kuti alandira. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Achimwene, mwafika pamenepa?" Ndinati, "Bambo, sitikukuimbani mlandu, tikungofuna tione mabuku limodzi." Anasayina.

Masiku 21 anatha kuli zii. Apa amfumu anatithandiza, ngakhale komiti ya eni nyumba siili pansi pawo. Anangovomera kukhala mboni ndi kutibwereka bwalo lawo. Khansala wa wodi yathu tinamudziwitsanso, popeza ngalande ndi misewu ya mumzinda zimakhudza khonsolo.

Tinakumana Lamlungu masana, anthu ataweruka kutchalitchi. Tisanayambe tinawerenga mayina kuti tione ngati chiwerengero chofunika chakwana, ndipo aliyense anasayina. Wotsogolera zokambirana anali mphunzitsi wopuma amene sanali mbali iliyonse. A tcheyamani anabwera ndi jumbo ya malisiti. Anthu atatu anakhala pambali ndi kakyuleta pafupifupi ola lathunthu. Zinapezeka kuti ndalama zambiri zinagwiradi ntchito, makamaka kulipira alonda miyezi imene ambiri sitinasonkhe, zomwe enafe sitinkadziwa. Koma panali ndalama zina zopanda lisiti, ndipo iwo anavomera kubweza m'miyezi inayi, zinalembedwa mu maminitsi. Chisankho tinavota pa timapepala, osati kukweza manja, kuti anthu oyandikana nyumba asadane.

Ntchito yeniyeni inatsala pambuyo pake. Kubanki anafuna maminitsi osayinidwa, malamulo athu, kalata yopempha kusintha osayinira, ndi zitupa za unzika za atatu atsopanowo. Tinaika kuti ndalama isatuluke popanda awiri mwa atatuwo kusayina, komanso kuti nambala ya foni ya munthu isalandirenso chosonkha. Gulupu ya WhatsApp tsopano ili ndi ma admin atatu. Tinasinthanso malamulo kuti munthu wa lendi amene wasonkha miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana azivota m'malo mwa mwini nyumba akakhala kulibe. Panopa tikusonkhanitsa mapepala oti tilembetse bungwe lathu kuboma pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act, kuti katundu wa gulu akhale m'dzina la gulu.

Kalavati uja anatha mvula isanayambe. Tsiku lothira konkire a tcheyamani akale anabwera ndi wilibala yawo, n'kumatuta mchenga mpaka dzuwa kulowa.